Mmisiri wa Zigamba: Za Romare Bearden ndi Zithunzi Zake

Pali funso limene limavuta anthu ambiri pamene ayamba kuona chithunzi chopangidwa ndi zidutswa za mapepala, nsanza ndi utoto pamodzi. Funsolo ndi ili: kodi munthu amene watenga sizasi, nadula m'magazini nkhope imene adajambula wina, naimata pathabwa pamodzi ndi kansalu kakutha, ayenera kutchedwa mmisiri, kapena angofanana ndi mwana wosewera ndi zinyalala za kuseri kwa nyumba? Funso lotere silitha ndi mkangano wa pakamwa. Litha poyang'ana ntchito ya munthu mmodzi amene adatsata njira imeneyi zaka zambiri, ndi kuona ngati chimene chidatuluka m'manja mwake chili ndi kanthu kamene m'magazinimo mudalibe. Woyenera kumuyesa motere ndiye Romare Bearden, munthu wakuda wa ku America, amene adabadwa m'chaka cha 1911 namwalira m'chaka cha 1988. Iye adafika pa luso la zigamba ali ndi zaka zoposa 50, atayesa kale njira zina zingapo, ndipo kuchedwa kwakeko ndiko kumene kumasulira bwino ntchito yake yonse.

KUMENE ADACHOKERA

Bearden adabadwa pa 2 September 1911 m'mzinda wa Charlotte, m'boma la Mecklenburg, ku North Carolina, chigawo cha kummwera kumene malamulo osankhana khungu adali olimba ndithu masiku amenewo. Ali ndi zaka ngati zitatu, makolo ake adasamukira ku New York nakhala ku Harlem. Iwo adali ena mwa anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni amene adachoka kummwera pakati pa zaka za m'ma 1910 ndi 1970, kuthawa nkhanza ndi umphawi wa m'minda ya thonje, kukafuna ntchito m'mizinda ya kumpoto ndi kumadzulo. Amayi ake, Bessye Bearden, adali kulembera nyuzipepala ya Chicago Defender, ndipo m'nyumba mwawo munkafika olemba ndi oimba otchuka, monga Langston Hughes ndi Duke Ellington.

Koma mwanayo sadakulire ku Harlem kokha. Nthawi zina ankabwerera ku Charlotte kukacheza ndi abale, ndipo zaka zina adakhala ku Pittsburgh kwa agogo ake aakazi, amene adali ndi nyumba yogonamo alendo olipira, ambiri a iwo amuna ochokera kummwera ogwira ntchito pa ng'anjo zosungunula chitsulo. Kumeneko adapalana ubwenzi ndi mnyamata wina wodwaladwala dzina lake Eugene, amene adamuonetsa kujambula. Mnyamatayo adamwalira akali wamng'ono, ndipo patapita zaka ngati 50 Bearden adapanga chithunzi cha maliro ake, chotchedwa Farewell Eugene.

Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Maiwe a Bearden adali atatu: munda wa thonje, ng'anjo ya chitsulo, ndi msewu wa Harlem. Cholumikiza malo atatuwa chidali sitima ya pamtunda, ndipo ichi ndicho chifukwa chake kasitima kaoneka kawirikawiri m'zithunzi zake, nthawi zina pazenera, nthawi zina patali kuseri kwa munda. Munthu woleredwa motere sakhala ndi mudzi umodzi m'mutu mwake. Akhala ndi zidutswa za midzi, ndipo tsiku lina adzafuna njira yoziikira pamodzi.

ZAKA ZA KUFUNAFUNA

M'chaka cha 1935 Bearden adatsiriza maphunziro a uphunzitsi pa New York University. Kuyambira chaka chomwecho kufikira 1937 ankajambula zithunzi zodzudzula za ndale m'nyuzipepala ya Baltimore Afro-American. M'zaka zomwezo adaphunziranso pa Art Students League kwa George Grosz, mmisiri wa ku Germany amene adachoka kwawo pa nthawi imene Hitler ankatenga ulamuliro. Grosz adamutembenuzira maso kwa amisiri akale a ku Ulaya, monga Brueghel ndi Dürer, kuti aone m'mene iwo ankamangira chithunzi.

Zithunzi sizidamupatse chakudya. Chotero adalowa ntchito mu ofesi ya mzinda wa New York yoona za osauka, ndipo kupatula zaka za nkhondo ndi nthawi zina zochepa, adaigwira kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, najambula usiku ndi masiku opuma. Ntchito imeneyi idamulowetsa m'zipinda za anthu ovutika zaka zambirimbiri, ndipo wopenya zithunzi zake zam'tsogolo aona kuti adadziwa za m'kati mwa nyumba za m'mzinda monga munthu amene adakhalamo pampando, osati monga wodutsa pamsewu.

Zithunzi zake za m'zaka za 1941 ndi 1942, monga The Visitation ndi Folk Musicians, adazijambula ndi utoto wosungunula ndi madzi pa mapepala akhaki. Zionetsa anthu a kummwera, a manja aakulu ndi nkhope zolemera ngati zosema. Zili ndi ulemu, koma anthu ake aima chiimire, ngati sangathe kutembenuka. Atabwera ku usilikali, kumene adakhala kuyambira 1942 kufikira 1945 m'gulu la asilikali akuda okhaokha, adaisiya njira imeneyo. Mu 1945 adaonetsa kwa Samuel Kootz, wogulitsa zithunzi wa ku New York, zithunzi za masautso a Khristu, zogawidwa ndi mizere yakuda monga magalasi a m'mazenera a tchalitchi. Pambuyo pake adajambula nkhani za m'ndakatulo za Lorca ndi za Homer. Zithunzi zimenezi zidayamikidwa, ndipo Museum of Modern Art idatenga chimodzi, koma wozipenya lero amva m'menemo mawu a Picasso koposa mawu a Bearden mwini.

Iye yekha adazindikira kuti adali asanadziwe mokwanira. Tsono adachita chinthu chimene amisiri ochepa otchuka kale angalole kuchita: adabwerera kukhala wophunzira. Ankatenga zithunzi za Giotto, Duccio, Rembrandt ndi Pieter de Hooch, nazikuza ndi makina zili zakuda ndi zoyera zokha, nazijambulanso ndi mitundu ya utoto yosankha yekha, kuti dzanja lake lidziwe mafupa a chithunzi amene diso la mlendo siliona. Mu 1950 adapita ku Paris, nakaphunzira miyezi ingapo pa Sorbonne, koma kumeneko sadajambule zambiri. Atabwerera ku New York adatsala pang'ono kuleka kujambula konse, nayamba kupeka nyimbo. Imodzi ya izo, Seabreeze, idaimbidwa ndi Billy Eckstine. Mu 1954 adakwatira Nanette Rohan, ndipo mu 1956, atadwala matenda a kutopa kwa maganizo, adabwerera ku utoto.

Zimene adajambula pamenepo zidali zopanda munthu, zopanda nyumba, zopanda chinthu chilichonse chodziwika: utoto wosungunula wothiridwa pansalu, woyenderera monga madzi pathanthwe. Adaphunziranso kwa amisiri a ku China, amene amasiya ngodya imodzi ya chithunzi yotseguka kuti diso lipeze polowera. M'masiku omwewo adayamba kupaka utoto pa mapepala opyapyala, nawamata pansalu ena pamwamba pa anzawo, nawang'amba kuti za pansi zionekere. Apa zomatira zidalowa kale m'manja mwake. Chidatsala ndi anthu okha.

CHAKA CHA 1963

Mu July 1963, pamene anthu akuda ankakonzekera ulendo waukulu wa ku Washington umene udachitika pa 28 August, amisiri akuda angapo adasonkhana m'chipinda chojambuliramo cha Bearden pa Canal Street. Ena a iwo adali Hale Woodruff, Norman Lewis ndi Charles Alston. Gulu lawo adalitcha Spiral, ndipo funso lawo lidali lakuti: kodi mmisiri wakuda achite chiyani pa nthawi imene anthu ake akumenyedwa m'misewu chifukwa chofuna ufulu? Bearden adapereka nzeru yakuti onse apange chithunzi chimodzi pamodzi, nabwera ndi zidutswa zodula m'magazini. Anzake sadakondwere nazo kwenikweni. Iye adapitiriza yekha.

Zithunzi zimene adapanga zidali zazing'ono, ngati tsamba la kope. Mnzake wina wa m'gululo, Reginald Gammon, adamulangiza kuti azikuze ndi makina, ndipo wogulitsa zithunzi Arne Ekstrom, ataziona zokuzidwazo, adapempha kuti apange zina. Mu October 1964 zidaonetsedwa ku New York ndi dzina lakuti Projections, zazikulu kupitirira mita imodzi, zakuda ndi zoyera monga zithunzi za m'nyuzipepala.

Kumata mapepala pachithunzi sikudayambe ndi iye. Picasso ndi Braque adachita zimenezi mu 1912, ndipo amisiri a ku Berlin, monga Hannah Höch ndi Grosz yemwe uja, adadula zithunzi za m'nyuzipepala itangotha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pofuna kunyoza olamulira awo. Chachilendo cha Bearden chidali pa chimene adachita nayo njirayo. M'zaka zimenezo magazini a ku America ankaonetsa munthu wakuda kawirikawiri monga wosauka, wolira, kapena wothamangitsidwa ndi apolisi; wogwira kamera adali wina, wosankha chithunzi adali wina. Bearden adatenga zithunzi zomwezo, naziphwanya, nazimanganso monga mwa chidziwitso chake. A ku Berlin adadula kuti agwetse. Iye adadula kuti amange, ndipo nkhope imene idali umboni wa umphawi m'magazini idasanduka nkhope ya munthu wobatizidwa, ya woimba gitala, ya mayi wodziwa zitsamba.

MACHITIDWE AKE

Bearden adalongosola yekha machitidwe ake m'nkhani imene idatuluka mu 1969 m'magazini yotchedwa Leonardo, ndipo chaka chomwecho adatulutsa pamodzi ndi Carl Holty buku lonena za kamangidwe ka zithunzi, The Painter's Mind. Sankayamba ndi nkhope. Ankayamba ndi zidutswa za ngodya zinayi za mitundu yosiyana, zina zolingana m'mbali mwake ndi thabwa lonse, kuti chithunzi chikhale ndi mizati ndi mitanda monga nyumba isanafoleredwe. Nzeru imeneyi adaitenga kwa de Hooch ndi Vermeer, amisiri a ku Holland amene ankajambula zipinda za makomo ndi mazenera olowana. Pokhapo ankamata kadutswa, kaya mutu, pamalo pamene adaganiza kuti mutu udzakhala, nayamba kusuntha zina zonse kuti zimvane nako.

Nkhope imodzi ankaipanga ndi zidutswa zambiri: diso la munthu wina, mphuno ya chigoba chosema cha ku Africa, diso la nyama, tsaya lodulidwa pa chithunzi cha zomera. Kukula kwa ziwalo sankakulinganiza monga ichita kamera. Dzanja limatha kukula kuposa mutu, diso limodzi kuposa linzake, pakuti iye ankakuza chimene chikumbukiro chimakuza. Mwana akumbukira dzanja la agogo ake koposa mapewa awo.

Kuyambira cha m'ma 1967 adaonjezera mapepala a mitundu yowala, nsalu zenizeni ndi utoto, namata pa matabwa olimba a Masonite amene sapindika ndi zomatira. Atamata, nthawi zina ankapala pamwamba ndi pepala la mchenga lopalira matabwa, kapena kuthirapo mankhwala oyeretsera nsalu, kuti mtundu ufwifwe ndi kuoneka ngati khoma lakale. Motero m'chithunzi chimodzi muli ntchito zinayi: kudula, kumata, kupaka ndi kupala, ndipo palibe imodzi imene ingachotsedwe popanda kuononga zinzake.

Chinanso adachiphunzira ku nyimbo. Mmisiri mnzake Stuart Davis adamulangiza kuti amvetsere woimba piyano Earl Hines, makamaka mipata imene iye amasiya pakati pa mawu a piyano. Woimba ng'oma aliyense adziwa kuti gule ali pa mpata wa pakati pa kugunda ndi kugunda. Bearden adasamala mipata ya pakati pa zidutswa monga momwe adasamalira zidutswa zomwe, ndipo m'mphepete modula sadamubise. Telala wabwino amabisa msoko. Bearden adausiya poyera dala, kuti wopenya asaiwale kuti anthu awa adasonkhanitsidwa kuchokera kumalo osiyana, monga momwe adasonkhanitsidwira anthu a ku Harlem.

ZITHUNZI ZINAYI

The Dove, ndiko kuti Nkhunda, cha 1964, n'chaching'ono, ngati masentimita 34 m'litali ndi 48 m'lifupi mwa khoma, ndipo chili ku Museum of Modern Art. Chionetsa msewu wa m'mzinda: makoma a njerwa, makwerero a pakhomo, anthu okhala pansi, oyenda, osuzumira pazenera, zala zogwira ndudu. Poyamba diso lisokonezeka, pakuti palibe munthu wathunthu. Pali mutu apa, mwendo apo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha apeza kuti mizere ya makomo ndi mazenera igwira zonse kuti zisamwazike, ndi kuti nkhunda yokhala pamwamba pa khomo ndi mphaka wa m'munsi zipereka malo awiri pamene diso liyambira ndi kubwerera. Chithunzichi chichita chimene kamera singathe: chionetsa msewu monga auonera munthu woyendamo, amene aona nkhope pang'ono, natembenuka, naona dzanja, namva wina akuitana. Mwa zonse zimene adapanga chaka chimenecho, ichi ndicho cholimba koposa.

Baptism, cha chaka chomwecho, ndi chimodzi mwa zithunzi zotchedwa The Prevalence of Ritual, dzina lonena za kusatha kwa miyambo. Anthu aima m'madzi, dzanja lalikulu lili pamwamba pa mutu wa wobatizidwa, nkhope zina n'za zigoba za ku Africa, ndipo patali pali sitima. M'kachithunzi kamodzi muli mtsinje wa ku Carolina, Yordano wa m'Baibulo, Africa wa makolo, ndi njanji yonka kumpoto. Mmisiri wa burashi yekha akadafuna kunena zonsezi akadazisungunula kuti zikhale thupi limodzi. Zigamba zilola kuti chilichonse chikhalebe ndi chiyambi chake, chikhalirenso pamodzi ndi zinzake, ndipo apa njira ndi nkhani zagwirizana kotheratu.

Patchwork Quilt, cha 1970, chionetsa mkazi wakuda atagona chafufumimba pa chofunda cha zigamba. Chofundacho n'chopangidwa ndi nsalu zenizeni, za mizere ndi za maluwa, ndipo thupi la mkaziyo n'louma ndi lowongoka monga zithunzi za ku Igupto wakale. Amayi a kummwera kwa America ankasoka zofunda zotere ndi zotsala za malaya akutha, ndipo pomata nsalu zimenezi Bearden avomera poyera kuti luso la zigamba adalipeza kale m'manja mwa amayi, lisanafike kwa Picasso. Kuvomera kumeneku n'kwa mtengo wapatali, ngakhale chithunzichi chili ndi chilema chimene chitchulidwe m'munsimu.

The Block, cha 1971, ndicho chachikulu: matabwa 6 olumikizana, aatali mamita 5 ndi theka onse pamodzi, ndipo chili ku Metropolitan Museum of Art. Chionetsa nyumba za pa Lenox Avenue, pakati pa misewu ya 132 ndi 133, monga zionekera pazenera la mnzake, mlembi Albert Murray. Pali sitolo ya mowa, nyumba yokonzera maliro, tchalitchi, malo ometera tsitsi ndi golosale. Makoma ena adawaboola kuti za m'kati zioneke: ana, okondana, munthu wokhala yekha, ndi msampha wa mbewa waukulu kuposa muyeso pafupi ndi ana. Pamwamba angelo alandira womwalira. Apa zaka zija za kuyendera osauka zabala chipatso chake. Msampha uja unena za nyumba zoipa za ku Harlem momveka koposa nkhani yaitali ya m'nyuzipepala, komabe anthu a m'nyumbazo sasanduka nkhani ya umphawi yokha, pakuti abadwa, apemphera, ametedwa ndi kuikidwa m'manda pa msewu umodzi womwewo.

PAMENE NTCHITO IFOOKA

Kuyamika kopanda kudzudzula sikuthandiza wophunzira, ndipo pa ntchito ya Bearden pali zinthu zinayi zoyenera kuzinena.

Choyamba ndi chikumbukiro chake cha kummwera. Iye adachoka ku Mecklenburg ali mwana, nabwererako monga mlendo. Zithunzi zake za m'zaka za 1978 ndi kutsogolo, monga za munda wa maluwa wa Maudell Sleet, zili ndi dzuwa lofewa ndi masamba obiriwira, ndipo nkhanza zimene zidathamangitsa makolo ake sizioneka kwenikweni. Womuikira kumbuyo anganene kuti nkhanzazo zidaonetsedwa kale ndi ena, ndi kuti iye adasankha kusunga chimene nkhanza zidalephera kupha. Yankho limeneli n'lomveka, komabe zithunzi za 1964 zidasenza zowawa ndi zokoma pamodzi, pamene zina zam'tsogolo zisenza zokoma zokha, ndipo n'zopepuka chifukwa cha ichi.

Chachiwiri ndi akazi. Mkazi wa m'zithunzi za Bearden kawirikawiri ali mmodzi wa awiri: mayi wa zitsamba woopsa, kapena mkazi wosavala, wosamba kapena wogona, amene wopenya amusuzumira iye osadziwa. Amuna ake aimba, agwira ntchito, akwera sitima. Mkazi wa pa chofunda cha zigamba uja agona pa ntchito ya manja a akazi, koma iye mwini wapatsidwa thupi lokha, wosapatsidwa singano.

Chachitatu ndi zigoba. Amene adaonapo gule wamkulu pabwalo adziwa kuti mtengo wosema, utoto, nthenga ndi nsanza zikhala chinthu chamoyo pamene pali ng'oma, nyimbo ndi mwambo wake, ndi kuti chilombo chilichonse chili ndi dzina ndi ntchito yake. Bearden adadziwa zigoba za ku Africa makamaka m'mabuku ndi m'nyumba zosungiramo zakale, ndipo adadula mphuno ya mtundu wina naiphatika pa chipumi cha mtundu wina. Kwa mdzukulu wa akapolo, amene sadziwa mudzi umene makolo ake adagwidwako, Africa wa zidutswa ndiye Africa amene adamutsalira, ndipo pamenepa chithunzi chinena zoona za iye. Koma wopenya asayese kuti aphunziramo za Africa mwini.

Chachinayi ndi kubwereza. Sitima, tambala, gitala, nkhunda ndi zenera zibwera kawirikawiri kotero kuti m'zithunzi zina zofooka zioneka ngati chidindo cha mwini, osati chinthu chimene nkhani idafuna. Zithunzi 20 za ulendo wa Odysseus, za 1977, m'mene anthu onse a Homer ali akuda, n'zokongola ndithu ndi mapepala ake osalala a buluu ndi obiriwira, otsata njira ya Matisse. Koma posiya zidutswa za m'magazini adasiyanso mkangano uja wa pakati pa kamera ndi chikumbukiro, umene udapatsa mphamvu ntchito yake yoyamba.

Palinso vuto lina limene silili la luso koma la zipangizo. Pepala la magazini silipangidwa kuti likhale zaka 100. Kuwala kulifwifwitsa, ndipo zomatira zimauma ndi kusintha mtundu. Chotero osunga zithunzi zotere ayenera kuzitchinjiriza ku kuwala kwambiri, ndipo mmisiri wosankha njira imeneyi adziwe kuti walira mvula walira matope.

CHIGAMULO

Bearden adalandira ulemu akali moyo. Mu 1971 Museum of Modern Art idachita chionetsero cha ntchito zake, ndipo mu 1987 adapatsidwa National Medal of Arts. Adathandizanso amisiri achinyamata, makamaka pokhazikitsa Cinque Gallery mu 1969 pamodzi ndi Norman Lewis ndi Ernest Crichlow. Adamwalira ku New York pa 12 March 1988, ndipo mu 2003 National Gallery of Art ya ku Washington idasonkhanitsa ntchito za moyo wake wonse.

Koma umboni woposa mendulo ndi uwu. August Wilson, mlembi wa masewero wobadwira ku Pittsburgh, adaona chithunzi cha Bearden cha 1978 chotchedwa Mill Hand's Lunch Bucket, choonetsa chipinda cha m'nyumba ya alendo ija, ndipo munthu wokhala chowerama patebulo m'chithunzicho adamupatsa chiyambi cha sewero lake Joe Turner's Come and Gone. Chithunzi china cha Bearden chidabala sewero la The Piano Lesson, limene lidalandira mphoto ya Pulitzer mu 1990. Zidutswa za mapepala zikadakhala zinyalala chabe, mlembi sakadapezamo munthu woti n'kumupatsa dzina ndi mawu.

Tsono funso lija la poyamba liyankhidwa motere. Sizasi ndi zomatira sizipanga mmisiri, monganso burashi simupanga. Mwana ndi Bearden onse adula magazini imodzimodzi, koma Bearden adafika pa magaziniyo atatha zaka zoposa 25 akuphunzira kumanga chithunzi, ndiponso ali ndi anthu ake amene adafuna kuwaonetsa monga adawadziwira. Pamene ziwirizi zidakumana, monga mu The Dove, Baptism ndi The Block, ntchito yake iima pamodzi ndi zithunzi zabwino koposa za m'zaka za m'ma 1900. Pamene chimodzi chidachepa, zidatsala zigamba zokongola zokha. Wofuna kutsata njira yake ayambe ndi zimene iye adayamba nazo, ndizo pensulo, zithunzi za amisiri akale, ndi kulowa m'nyumba za anthu. Sizasi adzaigwira pambuyo pake.